Nthambi ya pa Denga la a Zimmermann

Dzinalo ndinayamba kuliona pakhadi la kuchipatala ndisanaone mwini wake. Munali mu 1988, ndangotha milungu itatu chifikire ku Karonga kuchokera kwathu ku Dedza, boma litanditumiza kukagwira unamwino pa kachipatala kena kufupi ndi Ngara. Makhadi anali mulu patebulo, ndipo ndinkaitana mayina lilime likupunthwa pa a Mwakalagho ndi a Mwenelupembe, odwala akundiseka chamumtima. Kenaka ndinatola khadi lina lolembedwa ndi inki yabuluu: A. Zimmermann.

Ndisabise, ndinadzikonza. Ndinapukuta benchi, kuwongola kachipewa, n'kuyamba kusanja Chingerezi m'mutu poti ndinkati kukulowa mzungu. Amene analowa anali bambo wachikulire wakuda bii kuposa ine, wamtali, utuchi uli m'tsitsi, pensulo ili kukhutu. Anakhala pabenchi paja, n'kuligwedeza pang'ono.

"Benchi ili likudwala kuposa ine, anesi. Ndidzabwera ndi misomali."

"Ndaitana a Zimmermann," ndinatero.

"Ena, inde, ndine. Ambokile Zimmermann. Mukusuzumira kumbuyo kwanga, mukuyesa mzungu akubwera? Onse atsopano amatero. Inu mwachitako bwino chomene, wina anandiuza kuti ndidikire panja abwana anga alowe kaye."

Ndinachita manyazi, koma manyazi anga sachedwa kutha. Ine ndinabadwa ndi khutu loyabwa, ndipo amayi anali atatopa kale kundiuza kuti za eni n'za eni. Nditawapima ndinapeza kuti mtima wawo unali utatopa, miyendo itayamba kutupa. Ndinawapatsa mapiritsi n'kuwauza kuti azibwera mwezi uliwonse. Ankabweradi, ndipo mwezi uliwonse ndinkawakama nkhani pang'onopang'ono.

A Zimmermann anali mmisiri wa madenga. Mipando ndi zitseko ankapanga akasowa chochita, koma ntchito yomwe ankainyadira inali yokhoma mapaso. Masukulu, matchalitchi ndi masitolo ambiri a m'dera limenelo anali ndi denga lawo. Anthu ankangowaitana kuti fundi, mawu otanthauza mmisiri ochokera kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndipo ankawalemekeza mosakaniza ndi kamantha, chifukwa cha chinthu chimodzi chimene ankachita. Akamaliza kukhoma mapaso, malata asanaikidwe, ankadula nthambi yaiwisi, kukwera nayo mpaka pansonga pa denga, kuimanga ndi luzi, kuvula chipewa, n'kung'ung'udza mawu omwe palibe ankawamva. Ena ankati ndi mankhwala oletsa mphenzi, ena ankati ndi okhwimitsa ntchito kuti amisiri anzawo asawapose. Akulu a mpingo anawaitanapo kawiri pa nkhani yomweyo.

"Nanga n'chachiyani?" ndinawafunsa tsiku lina ndikuwamanga lamba wopimira magazi.

"Sindidziwa. Agogo ankachita, tata ankachita. Denga lopanda nthambi ndimaliona ngati lili maliseche."

"Ndiye munawayankha choncho akulu a mpingo?"

"Ndinawauza kuti akwere akaimasule okha. Palibe anakwera."

Za dzinalo anandizemba miyezi isanu. Tsiku lina atatopa nane anati, "Safunsa anadya phula, koma inu anesi mudzafa ndi kufunsa. Mubwere kunyumba Lamlungu mudzaone nokha."

Ndinapita. Nyumba yawo inali kumtunda pang'ono, kuseri kwa minda ya chinangwa. Anandilandira mwana wawo wamkazi Yunike, mayi wa zaka makumi atatu ndi zingapo amene anabwerera kwawo mwamuna wake atamwalira. Anali wosayankhulayankhula, ndipo pondipatsa moni ndinamva chikhatho cholimba ngati chikopa cha ng'ombe. Titamwa tiyi, bambo aja ananditengera kumapeto kwa munda, patsinde pa mtengo wa mbawa. Panali manda amodzi okha, osesedwa bwino, ozunguliridwa ndi miyala yopakidwa laimu, kumutu kuli mtanda wa thabwa.

"Mwini dzina ndi uyu," anatero. "Mtandawu ndi wachitatu. Iwiri inadyedwa ndi chiswe."

Nkhani yake inali yotere. Nkhondo yaikulu yoyamba ija isanayambe, kunabwera Mjeremani wina kuchokera ku mishoni ya kutsidya kwa Songwe, kudzakhoma denga la nyumba yosungiramo katundu ya wamalonda wina. Anafuna munthu wamphamvu wokoka naye sowo yaikulu ija yocheka anthu awiri, wina ali pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Anapeza agogo awo a Ambokile, a Mwakibinga, bambo wa akazi awiri amene ankadziwika ndi kugwetsa mitengo. Chomwe chinadabwitsa anthu n'chakuti mzunguyo ankasinthana nawo malo. Nayenso ankalowa m'dzenje, utuchi n'kumamugwera kumaso. Masana ankadyera mbale imodzi. Anagwira limodzi choncho kwa chaka ndi miyezi, kenaka mzungu uja anadwala malungo oipa aja a mkodzo wakuda, ndipo patatha masiku asanu anamwalira m'nyumba ya a Mwakibinga. Uthenga unatumizidwa kutsidya, koma anthu asanabwere nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani inabuka, njira n'kutsekeka. Palibe anabwera.

"Tsono kwathu kuno, anesi, munthu akafa dzina lake siligona pansi. Mng'ono wake amalowa dzinalo, n'kutenga mkondo, ng'ombe ndi ana. Uyu analibe mng'ono pafupi. Akuluakulu anakhala pansi n'kunena kuti amene wakoka naye sowo imodzi ndi kudya naye mbale imodzi ndiye mng'ono wakeyo. Agogo analowa dzina, anatenga randa yake. Koma akuluakulu anati n'zosungitsa. Eni ake akadzabwera muwaonetse manda, muwapatse randa ndi dzina lawo."

Randa ndi puleni yopalira matabwa. Anandionetsa titabwerera kunyumba. Inali ya mtengo wachilendo wotuwa, yakuda pogwirira chifukwa cha thukuta la anthu anayi, ndipo inkasungidwa yokulungidwa m'nsalu pamwamba pa kabati. Ankaigwiritsa ntchito kamodzi kokha pa denga lililonse, popala phaso loyamba.

Agogo atamwalira dzinalo analowa bambo awo, bambo awo atamwalira analowa iwo. Onse atatu anadikira. Angerezi anawakwapulapo agogo aja nthawi ya nkhondo powaganizira kuti ndi kazitape, koma dzina sanalitaye. A Ambokile nawo anaonapo zakuda. Mu 1974, atatopa ndi kudikira, anapempha mphunzitsi wina kuti awalembere kalata. Pa envulopu analemba kuti ipite kwa banja la Zimmermann, ku Jeremani, basi. Kalatayo ngakhale ku Chiweta sinafike. Patatha sabata kunabwera galimoto, anawatengera kuboma, n'kuyamba kuwafunsa kuti Jeremani yake iti, ya kuvuma kapena ya kuzambwe.

"Ine sindinkadziwa kuti zilipo ziwiri. Ndinati iliyonse yomwe ili ndi maliro ku Karonga. Ndinagona masiku atatu m'chitokosi, khadi la chipani lili m'thumba. Anandimasula ataona kuti ndine chitsiru chabe, osati woukira boma."

Anaseka, inenso ndinaseka, koma kusekako sikunapite patali. Ndinali nditaona kale miyendo yawo ndipo iwonso ankadziwa tanthauzo lake. Mwana wawo wamwamuna, mmodzi yekhayo, anatsalira ku migodi ya ku Joni. Woyenera kulowa dzina mwa mwambo anali mng'ono wawo Kenan, msodzi wa usipa pa Ngara, ndipo Kenan anali atakaniratu poyera. Ankati iye ndi Mwakibinga, ana ake ndi a Mwakibinga, ndipo anatopa ndi kusesa manda a mzungu yemwe abale ake sanatumize ngakhale mchere. Kunena zoona, sindinamuone kulakwa Kenan. Koma zinatanthauza kuti a Ambokile akangotseka maso, dzina ligwa pansi, manda amera tchire, ndipo iwo adzakhala munthu amene chosungitsa chinatayikira m'manja mwake. Chimenechi ndicho chinkawadya kuposa matenda.

"Nanga Yunike?" ndinafunsa.

"Mma, ayi. Mwana wamkazi salowa dzina. Akakwatiwanso, dzina lipite kwa eni ng'ombe za malowolo?"

Ine wa ku Dedza, kumene mwana ndi wa mayi ake ndipo mwamuna ndi mkamwini, nkhaniyi inandipsetsa mtima. Chinandipsetsa kwambiri n'chakuti aliyense m'deralo ankadziwa amene ankakhoma madenga masiku amenewo. Chiyambire kutupa miyendo, bambowo ankangoyeza ndi kuloza ali pansi. Wokwera anali Yunike. Nthawi imeneyo lamulo linkaletsa akazi kuvala mathalauza, ndiye ankavala thalauza la bambo ake mkati n'kumanga chitenje pamwamba, akafika kumwamba n'kuchikwinyira m'chiuno. Achinyamata achipani ankayang'ana kumbali, poti denga la wapampando wawo nalonso anakhoma ndi iyeyo. Koma ikafika nthawi ya nthambi, Yunike ankatsika, bambo ake n'kukwera okha, phazi limodzi, kupuma, phazi lina, kupuma, anthu atagwira mitima m'manja. Ankati nthambi amamanga ndi mwini dzina.

Ndinawakalipira kangapo konse. Ndinawauza kuti mapiritsi anga si oti azikawatayira pamakwerero, ndipo tsiku lina adzatsika ngati thumba la mpunga. Ankangoti, "Ndagha, zikomo anesi, ndamva," mwezi wotsatira n'kumva kuti akweranso.

Zinayenda choncho zaka zitatu. Mu 1991, m'nyengo yadzuwa, anthu a m'midzi anaumba njerwa n'kumanga nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala chathu, ndipo denga anapatsa a Zimmermann. Nthawi yomweyo ku Uraha, kufupi ndi dera lathulo, kunali azungu okumba mafupa akale. Anthu ankawaseka kuti abwera ulendo wonsewo kudzafuna agogo awo m'maenje. Lachitatu lina m'mawa anabweretsa mtsikana mmodzi wa gulu limenelo atadzitema phazi ndi piki. Anali wamng'ono thupi, nkhope itapsa ndi dzuwa, ndipo dzina lake anati ndi Hilda. Ndikumusoka ndinamufunsa kwawo, monga mwa chizolowezi changa.

"Ku Jeremani," anatero.

Nditamanga bandeji ndinathamangira ku bokosi la makhadi, n'kumuonetsa khadi lija. Analiwerenga, anandiyang'ana, n'kuliwerenganso.

"Zimmermann? Kuno?"

Ndinamuuza kuti balalo liyenera kutsukidwa mawa lake, ngakhale likanatha kudikira masiku awiri. Bodza limenelo Mulungu andikhululukire. Atangochoka ndinapita kumene ankamanga kuja n'kuwauza a Ambokile. Anangotsamira khoma, n'kuchotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezeranso.

Mawa lake anabwera atavala jekete ya kutchalitchi, randa ili m'khwapa yokulungidwa m'nsalu yochapa. Linali tsiku lomaliza kukhoma mapaso, ndipo Yunike anali kale pamwamba, hamala ikulira. Hilda atafika ndinawakhazika onse awiri pakhonde, pabenchi lomwe lija, lomwe tsopano linali litachira. Amayi oyembekezera ndi odwala ena anayandikira mwakachetechete. Ine ndinali womasulira, Chingerezi uku, Chichewa uku.

A Ambokile anafotokoza nkhani yonse, kuyambira pa sowo mpaka pa chitokosi. Hilda atamva za Jeremani ziwiri anati tsopano zinalumikizana, yangotsala imodzi.

"Ndiye ndinagonera chabe pa simenti," anatero iwo, anthu n'kuseka. Kenaka anawongola jekete. "Muwafunse, anesi, ngati akulidziwa banja la Zimmermann."

Hilda anawerenga zala. Anati ankadziwa anayi: mphunzitsi wake wa masamu, dokotala wa mano, mayi wina woyandikana naye nyumba, ndi mnzake wa kuyunivesite. Nkhope ya a Ambokile inawala. Koma Hilda anapitiriza kuti anayiwo si pachibale, ndipo sadziwana n'komwe.

"Dzina limodzi, osakhala pachibale? Zingatheke bwanji? Ine ndikakumana ndi Mwakibinga ku Mbeya kapena ku Ndola, ameneyo ndi m'bale wanga, agona m'nyumba mwanga."

Hilda anafotokoza mofatsa. Anati kwawo mayina ambiri si a mtundu koma a ntchito. Zaka mazana asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri zapitazo, midzi itakula n'kukhala mizinda, a Yohane ndi a Petulo anachuluka, ndipo anthu anayamba kuwasiyanitsa ndi ntchito zawo. Wogaya tirigu anakhala Müller, wosula zitsulo Schmidt, msodzi Fischer, ndipo mayinawo anakakamira kwa ana ndi adzukulu. Zimmermann ndi munthu wosema mitengo ikuluikulu n'kuimika denga la nyumba. Wopanga mipando ndi matebulo ali ndi dzina lake lina. Popeza mudzi uliwonse unkafuna denga, mudzi uliwonse unali ndi Zimmermann wake, ndipo lero dzinali lili m'gulu la mayina ofala kwambiri m'dziko lonselo. M'buku la manambala a telefoni la mzinda wa kwawo wokha, anati, a Zimmermann amadzaza masamba angapo. Anafunsa ngati dzina loyamba la malemuyo likudziwika, kapena mudzi wa kwawo. Palibe chinkadziwika. Agogo ankangomuitana ndi dzina limodzi lomwelo.

Apa ndinagwira njakata. Ndinamasulira za ntchito zija, koma za kuchuluka ndinazidumphadumpha, n'kungoti alipo ndithu angapo.

"Musachepetse, anesi," anatero a Ambokile. "Mzunguyu wayankhula zambiri kuposa zimenezo."

Ndinawauza zonse. Ndinati dzinali kwawoko lili ngati Phiri kapena Banda kuno, ndipo kufuna abale a munthu mmodzi popanda dzina loyamba n'kosatheka.

Anasisita nsalu ya randa ija.

"Ndiye kuti sadzabwera."

Hilda, pofuna kuthandiza, anati atha kutenga randayo n'kukaipereka ku nyumba yosungiramo zinthu zakale kwawoko. Ndinamasulira, koma ndikukhulupirira kuti sanamve. Ndinadzida tsiku limenelo. Bamboyu anali ndi chiyembekezo chake chomwe chinkamudzutsa m'mawa, ndipo ine ndi khutu langa loyabwa ndinali nditachiphwanya pamaso pa anthu. Zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri, anthu atatu akusesa manda, ndipo yankho lake linali buku la telefoni.

Hamala inasiya kulira. Yunike anaitana ali pamwamba: "Tata, ndamaliza."

A Ambokile anadzuka mwachizolowezi, ngati munthu woyenda kutulo. Anapita pamthunzi pomwe anasiya nthambi ya mango yomwe anadula m'mawa, anaitola pamodzi ndi luzi, n'kulunjika kumakwerero. Ndinathamanga n'kukaima kutsogolo kwawo. Ndinawauza kuti lero sakwera, ndipo akafuna kukwera ayambe andiponda ine. Tikukangana choncho ndinamva Hilda akufuula kumbuyo. Anabwera akutsimphina, maso ali pa nthambi.

"Akupita nayo kuti?"

Ndinamuuza kuti akukaimanga pansonga pa denga, ndipo asandifunse chifukwa chake poti ngakhale eni akewo sachidziwa.

Mtsikana uja anagwira pakamwa. Anaseka, misozi ikulengeza. Anati kwawo amachita zomwezo. Mapaso akangoima, denga lisanafoleredwe, amamanga kamtengo kakawisi kapena nkhata ya masamba pansonga, n'kukolekapo tinsalu tamitundumitundu. Mmisiri amaima pamwamba, kunena mawu ofunira nyumbayo ndi eni ake zabwino, kumwa kachakumwa m'tambula, n'kuiponya pansi kuti isweke. Anati anaziona ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pomwe makolo ake ankamanga nyumba yawo, ndipo sanaganizepo kuti angadzazionenso pansi pa dzuwa la ku Karonga.

Ndikumasulira, a Ambokile anatsitsa nthambi pang'onopang'ono.

"Tambula?" anatero. "Agogo ankaswa chikho cha mowa. Tata ndi amene anasiya, atalowa mpingo." Anatembenukira kwa amayi omwe anatizungulira. "Mwamva inu? Si mankhwala. Mukawauze akulu a mpingo."

Kenaka anafunsa funso lomwe ine, katswiri wa mafunso, sindinaliganizire.

"Muwafunse, kwawoko nthambi amamanga ndani? Mwini dzina?"

Hilda anati dzina lilibe nazo ntchito. Amamanga amisiri amene akhoma dengalo.

"Ngakhale akhale mkazi?"

Hilda sananame. Anati akazi okhoma madenga ndi ochepa kwambiri, koma alipo, ndipo akakhoma amaima pamwamba iwowo.

"Nanga Zimmermann woyambirira, dzinalo anamupatsa ndani? Bambo ake?"

Anati ayi. Anamupatsa anthu a m'mudzi mwake, poona ntchito ya manja ake.

A Ambokile anakhala pa mulu wa njerwa, jekete ya kutchalitchi osaisamala. Anayang'ana kumwamba komwe Yunike anakhala atatangadza phaso, chitenje chili m'chiuno, akudikira kuti atsike apereke malo monga mwa masiku onse. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Ndiye kuti agogo sanabwereke," anatero motsitsa mawu. "Anakoka sowo. Tata anakoka sowo. Takhala tikuyang'ana kumsewu kudikira eni maliro, chikhalirecho eni maliro ndife tomwe."

Anamuitana Yunike kuti atsike. Atatsika, anamasula nsalu ija pamaso pa anthu onse, n'kumuika randa m'manja, nthambi pamwamba pake. Yunike anabwerera m'mbuyo.

"Tata, anthu adzati chiyani? A Kenan adzati chiyani?"

Bambo wina wachikulire amene anabwera kudzatsukitsa diso anang'ung'udza kuti chiyambire dziko mwana wamkazi sanalowepo dzina. A Ambokile anamumva.

"Mukunena zoona, akulu. Dzina la Mwakibinga ndi lathu, lidzayenda mwa mwambo wathu. Kenan adzalowa, ndi ng'ombe zomwe. Koma ili linabwera ndi mwambo wake, ndife tinkausowa. Limatsata dzanja. Madenga khumi ndi anayi wakhoma mwanayu ine ndili pansi ngati wopenyerera mpira. Ndani pano angatsutse?"

Palibe anatsutsa. Wa diso uja anangopukuta diso lake.

Yunike anandipatsa randa kuti ndimugwirire, anamanga chitenje bwinobwino, n'kukwera ndi nthambi kukamwa. Anafika pansonga, anaimanga mfundo ziwiri, anaimirira, kenaka anangoti kakasi.

"Tata, mawu aja sindiwadziwa. Mumanong'ona."

Bambo ake anaimirira, anavula chipewa, n'kuwanena mokweza kwa nthawi yoyamba, m'Chinkhonde, Yunike akubwereza pamwamba. Mayi wina anandinong'oneza tanthauzo lake. Anali mawu wamba. Nyumba iyi isagwe. Mphepo iilambalale. Ogonamo adzuke amoyo. Atafika pamenepo a Ambokile anaima.

"Pomaliza timati, Zimmermann, dzina lako tikukusungirabe mpaka abale ako adzafike. Pamenepo usinthe, mwana wanga."

"Ndinene kuti chiyani, tata?"

"Umuuze kuti afika."

Yunike ananena. Ine amene sindilira pamaliro a anthu osawadziwa ndinalira ndi yunifolomu yomwe, randa ya mzungu wakufa ili m'manja. Amayi oyembekezera anayamba nthungululu, ndipo Hilda, posowa tambula, anapempha kabotolo kopanda kanthu ka mankhwala n'kukaswa pamwala.

A Ambokile sanakwerenso makwerero. Lamlungu lotsatira anamutengera Hilda kumanda kuja, ndipo mtsikanayo anaima pamenepo n'kupemphera m'chinenero cha kwawo, kuti malemuyo achimveko patatha zaka zonsezo. Kenan atamva nkhaniyi anati amupeputsa, ndipo anatumiza dengu la usipa. Bambowo anamwalira mu Febuluwale chaka chotsatira, mvula ili pakati, ndipo anawaika patsinde pa mbawa pomwepo monga mwa pempho lawo. Mitanda yonse iwiri, wa bambo ake ndi watsopano wa Mjeremani uja, anapala Yunike ndi randa ija.

Ine anandisamutsira ku Salima mu 1993. Sabata yomaliza ndinkalongosolera ntchito namwino wolowa m'malo mwanga, mtsikana wa ku Thyolo wongochoka kusukulu. Ndinamusiya aitane yekha odwala ine nditakhala pakona. Atafika pakhadi lina ndinamuona akuwongola kachipewa n'kuyamba kupukuta benchi. Sindinamuuze kanthu. Panja, Yunike anali akukutumula utuchi pachitenje, akudikira kumva dzina lake.